Funsani a Mlangizi: Damu lathu likumaphwa chimanga chisanakhwime

FUNSO

A Mlangizi, ndikulemba kuchokera kufupi ndi kwa Chamama. Ndine mlembi wa komiti ya damu la m'mudzi mwathu, limene bungwe lina linatimangira mu 2012 padambo la kumunsi kwa mudzi. Khoma lake ndi la mamita 90 mulitali, madzi akadzaza amabwerera kumtunda mamita ngati 200, ndipo potipatsa anati pozama penipeni pali mamita atatu. Zaka zoyamba madzi ankakumana ndi mvula ina. Kuyambira chilala cha 2016 damu limaphwa mu Sepitembala, ndipo mu 2024 linauma Ogasiti asanathe. Kale tinkathirira ndi makheni malo osapitirira ekala imodzi ndi theka. Pano tinasonkherana n'kugula injini, tikuthirira maekala asanu a chimanga. Ng'ombe zomwa pamenepa zilipo ngati 150. Kumudzi kuno anthu sakumwerana madzi: a madimba akuti ng'ombe ndizo zikutha damu, a ng'ombe akuti damu likudontha pansi chifukwa linamangidwa mwachinyengo, ena akuti tisonkhe ndalama tiitane katapila adzakumbe. Mwezi wamawa kukubwera alendo odzaona ngati damuli likugwira ntchito. Tiwauze chiyani?

Mlembi wa komiti, Chamama

YANKHO

Bambo mlembi, zikomo kwambiri, makamaka poti mwaikamo manambala. Ambiri akandilembera za damu amangoti madzi akutha, basi, ine n'kusowa pogwira. Inu mwandipatsa pogwira, ndiye ndiyamba ndi mawu amene a madimba mwina sawakonda: ng'ombe zisiyeni kaye, mlandu waukulu suli pa izo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mainjiniya a madamu ang'onoang'ono ali ndi njira yachidule yodziwira madzi amene damu limasunga. Amatenga kutalika kwa khoma, n'kuchulukitsa ndi mtunda umene madzi abwerera kumtunda, n'kuchulukitsanso ndi kuzama kwa pozama penipeni, kenako n'kugawa ndi 6. Kugawako n'chifukwa choti damu si bokosi, limazama pafupi ndi khoma pokha n'kumaphwerekera kumchira ndi m'mbali. Lanulo, 90 kuchulukitsa ndi 200 kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 6, tipeza makiyubiki mita 9,000. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, migolo isanu ija ya malita 200. Ndiye kuti tsiku limene analipereka m'manja mwanu, likadzaza linkasunga malita pafupifupi 9 miliyoni. Munthu ukaima pakhoma mu Malichi madzi ali ndendende, umaona ngati sangathe.

Ng'ombe yachikuda imamwa malita ngati 30 tsiku lotentha. Zanu 150 zikumwa malita 4,500 patsiku. Tsopano ekala imodzi ya chimanga chimene chikumasula mu Sepitembala kapena Okutobala imafuna madzi okwana mamilimita 5 kapena 6 tsiku lililonse, omwe ndi malita oposa 20,000. Maekala asanu ndi malita 100,000 patsiku, tisanawerengere otayika m'ngalande ndi m'mapaipi obooka. Madzi amene dimba lanu likufuna tsiku limodzi, ng'ombe zonse za m'mudzi zingamwe masabata atatu. Ndipo malita 9 miliyoni aja, mukamachotsa 100,000 patsiku, atha m'masiku 90, ngakhale pakanapanda wina wotunga nawo.

Koma wotunga nawo alipo, ndipo sapempha kukomiti. Kuno ku Kasungu mvula ikalekeza mu Malichi kapena Epulo timakhala miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa osaionanso, ndipo nthawi yonseyo dzuwa ndi mphepo zikukoka madzi pamwamba pa damu. Miyezi yozizira zimakoka mamilimita atatu kapena anayi patsiku, Okutobala akafika zimafika pa 6 kapena 7. Mukaphatikiza kuyambira Epulo mpaka Novembala, ndi mita yathunthu kapena kupitirirapo. Tiyerekeze kuti mu Okutobala pamwamba pa madzi anu patsala masikweya mita 5,000. Dzuwa likuchotsapo malita 30,000 patsiku, ndowa 1,500 za malita 20, madzi oti zikanamwa ng'ombe 1,000. Chopweteka n'choti mita yapamwambayo ndiyo yotambalala. Padamu looneka ngati lanu, mita imeneyo imasunga madzi oposa theka la damu lonse.

Apa pali phunziro limene ndinachedwa kulimvetsa ineyo pantchito. Timakonda kuumira madzi a padamu ngati chimanga cha m'nkhokwe, kuti tidzagwiritse ntchito zinthu zikadzavuta. Damu losazama silisunga choncho. Madzi amene mwawasiya mu Meyi kuti mudzathirire mu Okutobala, ambiri simudzawapeza. N'kwabwino kulowa kudimba msanga, Epulo kapena Meyi, chinyontho chikadalipo m'nthaka, ndi mbewu zokonda kuzizira monga kabichi, mpiru, anyezi ndi kachewere, kuti pofika Ogasiti mukhale mwakolola, otsalawo n'kusiyira ziweto ndi ntchito zapakhomo. Chimanga cha maekala asanu chokhwimira mu Okutobala ndi mtolo woposa msinkhu wa damu lanu. Anzathu a ku Machakos ndi Kitui ku Kenya, kumene kuli kouma kuposa kuno, anathawa vuto la dzuwali pomanga timakoma ta simenti m'mitsinje ya mchenga kuti madzi azibisala mumchengamo. Zimenezo zimafuna mtsinje wa mwala pansi ndi mchenga wokhakhala, si za padambo ngati lanulo.

Tsono mamita atatu aja ndikukayika ngati alipobe. Walira mvula walira matope, ndipo damu limalandira zonse ziwiri. Poti lauma, tengani khasu ndi fosholo mupite pozama penipeni, mutalikirane ndi phazi la khoma, mukumbe dzenje. Mudzaona dothi lofewa losanjikizana mizeremizere, lakuda, lofiira, kamchenga, lakudanso, chaka ndi chaka monga mvula inkabweretsera. Kumbani mpaka khasu ligunde nthaka yolimba yakale. Yezani. Mukapeza mita imodzi ya matope, bwererani ku masamu aja muike 2 pamene panali 3, mupeza 6,000. Gawo limodzi mwa magawo atatu a damu lanu ladzaza dothi la m'minda yanu yomwe.

Ndipo musakathere padzenjepo. Tsatirani madzi kumene amachokera, wapansi, mpaka kumtunda. Ndikudziwa zimene mukapeze chifukwa ndaziona kuyambira kwa Santhe mpaka ku Nkhamenya: mitengo inapita ku zigafa za fodya, ku mauvuni a njerwa ndi ku makala, mizere yolunjika kumunsi, njira ya ngolo imene yasanduka chigwembe, ndi madimba olimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Si inu nokha. Damu la Chitete, limene limamwetsa tauni ya Kasungu, lavutika ndi matope omwewa. La Mpira ku Ntcheu, limene linkapereka madzi mpaka ku Balaka, linauma mu 2018. Amenewo ndi madamu aakulu okhala ndi antchito olipidwa. Lanu mlonda wake ndi komiti yanuyo.

Funso lina limene simunandiyankhe m'kalata, koma ndi lofunika: kodi damu limadzaza n'kusefukira chaka chilichonse? Mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala cha El Niño, ndiye damu kuuma msanga chaka chimenecho si chodabwitsa. Koma funsani akuluakulu akumbukire. Ngati ngakhale mu 2016 ndi 2024 madzi anatulukira potayira, ngalande yotulutsa madzi damu likadzaza, ndiye kuti mvula si imene ikukuvutani. Madzi akukwana, kungoti posungira pachepa ndipo otunga achuluka. Ngati zaka zambiri silidzaza, nkhani ndi ina: mwina malo amene amatsanulira madzi m'damumo ndi ochepa, kapena wina kumtunda watseka.

Za kudontha, musalimbane pakamwa. Pali mboni imene siikondera. Ndinaiphunzira kwa bambo wina wachikulire amene ankayang'anira damu pa esiteti ina ya fodya, zaka zimene ndinkayamba ntchito. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali atazika mtengo wa bulugamu wowongoka m'madzi, atausema timizere ndi mpeni, ndipo m'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke ankapinda buluku, n'kulowa mpaka m'maondo, n'kuika chala pamene madzi alekeza. Akatuluka ankalemba m'kope la ana asukulu limene ankalisunga m'pepala la shuga kuti lisanyowe. Tsiku lina anandiuza kuti damu layamba kudontha, ine ndisanaone chilichonse ndi maso. Anatsegula kope n'kundionetsa kuti sabata imeneyo madzi atsika kawiri kuposa sabata yomweyo chaka chatha, pampu ikugwira maola omwewo. Tinayenda kuseri kwa khoma ndipo tinapezadi ponyowa.

Chitani chimodzimodzi. Panopa poti pauma, zikani mtengo wolimba kapena paipi yachitsulo, muulembe ndi penti masentimita khumikhumi, ndi timizere tating'ono pakati. Musankhe munthu mmodzi wokhulupirika, kaya mwana wa sekondale, aziwerenga m'mawa nthawi imodzimodzi, n'kulembanso maola amene injini yalira. Madzi akadzabwerera, mudzagwirizane masiku atatu osapopa. Masiku omwewo ikani beseni lodzaza madzi pambali pa damu, pamtetete, potchingidwa kuti mbuzi zisamwe. Beseni limatentha msanga kuposa damu, ndiye pa madzi amene lataya muwerengere magawo 7 mwa 10 okha, amenewo ndiwo a dzuwa. Ngati damu likutsika mofanana ndi pamenepo, silikudontha kwenikweni. Ngati likutsika masentimita awiri kapena atatu patsiku popanda wotunga, a ng'ombe aja akunena zoona.

Komabe kudontha kulipo kuwiri. Damu lililonse la dothi limalowetsa madzi pansi pang'onopang'ono, ndipo madzi amenewo sikuti atayika onse. Ndiwo amene amasunga zitsime za kumunsi. Ndaonapo madamu amene anthu ankati ndi olephera chifukwa auma mu Sepitembala, koma amayi akutungabe pachitsime cha kuseri kwa khoma mpaka Disembala, chitsime chimene kale chinkauma mu Julayi. Madzi otuluka kuseri ali oyera, osachuluka, aziyang'aniridwa basi. Oopsa ndi otuluka ali ofiira.

Izi ndikunena ndi mtima wolemera. Chaka china ndinaitanidwa kudamu lina la m'mudzi. Agogo ena aakazi anandigwira dzanja kupita nane kuseri kwa khoma, nandionetsa kabowo kongolowa chala chachikulu. Madzi ake anali ofiirira, ndipo pamene ankagwera panali pataunjikana kadothi kosalala ngati phala la mwana. Ndinawauza kuti tidzakonza mvula ikatha. Usiku wina mu Febuluwale khoma linang'ambikira pomwepo, madzi anakokolola madimba a mabanja angapo ndi mbuzi zimene zinali m'khola kumunsi. Munthu sanafe, koma mawu anga ndiwo anachedwetsa anthu aja, ndipo nkhope ya agogowo m'mawa mwake ndimaionabe. Madzi ofiira amatanthauza kuti khoma likudyeka m'kati. Mukawaona, tsitsani madzi a m'damu, muitane a ulimi wamthirira a kuboma tsiku lomwelo. Musatseke kabowoko ndi dongo kuseri, madzi adzangoboola pena. Thiranipo mchenga wokhakhala, pamwamba pake timiyala, kuti madzi azidutsa koma dothi lizitsala.

Pamenepa ndi pamene ng'ombe zili ndi mlandu wake: ziboda. Zikamakwera ndi kutsika pakhoma zimapha kapinga n'kutsegula tinjira timene mvula imasandutsa zigwembe. Zipangireni pomwera kumunsi, madzi azibwera ndi paipi. Chulu chikamera pakhoma, chifukuleni chonse mubwezeremo dongo lonyowa, mukusindira pang'onopang'ono. Timitengo ting'onoting'ono zulani. Mtengo waukulu musangodula, chifukwa mizu ikaola imasiya njira za madzi, muyambe mwafunsa injiniya.

Katapila ndalama zake ndi zambiri, ndipo woyendetsa wosadziwa angathe kupyola dongo limene limagwira madzi n'kufika pamchenga, damu n'kukhala ngati dengu. Akakumbanso pafupi ndi khoma amalifooketsa. Ngati mukumba, chotsani matope okha, mulekeze pa nthaka yakale imene mwaipeza padzenje lija, ndipo matopewo apite kuminda pangolo, ndi chonde chanu chomwe chikubwerera. Koma mukakumba musanakonze kumtunda ndi akalozera, vetiva, ngonyeka ndi kutseka zigwembe, mudzasonkhanso ndalama zomwezo posachedwa.

Alendo anuwo akabwera, musawabisire kanthu ndipo musawakometsere. Aonetseni dzenje la matope. Auzeni mwezi umene madzi anatha chaka chilichonse kuyambira 2012, maekala amene ankathiriridwa chaka chimenecho, ndi chaka chimene injini inabwera. Werengani mabanja amene amapindula, ndi amene anasiyidwa, chifukwa nthawi zambiri injini ikafika, amayi amasiye a makheni ndiwo amayamba kusowa madzi ndipo palibe amawalemba. Werengani zitsime za kumunsi ndi mwezi umene zimauma. Ndipo apempheni adzabwerenso mu Okutobala. Ambiri oyendera madamu amafika mvula itangotha, misewu itauma, madzi ali odzaza, n'kujambula zithunzi zokongola. Nthawi imeneyo ngakhale damu lodwala limaoneka lamoyo.

FUNSO

A Mlangizi, kwathu kuno kwa Santhe anyamata aika matumba a mchenga pangalande yotayira madzi kuti damu lizisunga ambiri. Chaka chatha zinathandiza, madzi anafika Novembala. Amuna anga akuti chaka chino awonjezere mzere wina. Ine mtima sukundikhala chifukwa nyumba yathu ili kumunsi. Ndikulakwitsa?

Mayi wa kwa Santhe

YANKHO

Mayi, simukulakwitsa, ndipo ndikupemphani muwawerengere bambo yankho ili lero lomwe. Ngalande imeneyo, imene mainjiniya amati spillway, ndiyo moyo wa damu. Amaikumba motsika kuposa msana wa khoma, kawirikawiri ndi mita imodzi kapena kuposa, kuti chimvula chikagwa madzi apeze khomo lotulukira asanakwere pakhoma. Khoma la dothi limapirira madzi olitsamira, koma silipirira madzi oyenda pamsana pake. Akangodutsa pamwamba amayamba kudya kuseri, ndipo kung'ambika kwake sikutenga tsiku.

Taganizani. Ngati malo otsanulira madzi m'damu lanu ndi mahekitala 100, mvula ya mamilimita 50, imene kuno imatha kugwa madzulo amodzi mu Januwale, ndi makiyubiki mita 50,000. Nthaka ikakhala yokhuta kale, gawo limodzi mwa magawo asanu litathamangira kudambo, ndi 10,000, okwana kudzaza damu lonse la m'mudzi kuchokera pouma. Nanga likawapeza lili lodzaza kale, khomo litatsekedwa ndi matumba, apita kuti? Chaka chatha munapulumuka chifukwa chimvula chotere sichinakupezeni. Matumbawo achoke mvula isanayambe, ndipo muchotsenso bango, zinyalala ndi dimba lililonse limene lalimidwa m'ngalandemo. Pitani kwa a mfumu ngati anyamatawo akukana.

Kufuna madzi ambiri si kulakwa. Damu lingathe kukwezedwa, koma khoma ndi potayira zimakwera limodzi, injiniya atayeza. Lamulo la zamadzi la 2013, limene linakhazikitsa National Water Resources Authority, limafuna chilolezo pa ntchito zotere. Yambirani ku ofesi ya ulimi wamthirira ya boma lathu.

FUNSO

Bambo, ndine mnyamata wa kwa Chulu. Gulu lathu likufuna kuika nsomba m'damu limene limauma mu Okutobala. Zingatheke? Komanso ang'ono anga awiri amene amasambira momwemo ayamba kukodza magazi.

Mnyamata wa kwa Chulu

YANKHO

Mwana wanga, tiyambe ndi ang'ono akowo. Zimenezo zikuoneka ngati likodzo. Apite kuchipatala sabata ino akayezedwe, mankhwala ake a praziquantel amachiza. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha, makamaka pamene pali udzu m'mphepete, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasambira kapena kuchapa. Uwauze a zaumoyo a m'dera lanu, chifukwa ana ena osambira momwemo ayeneranso kuonedwa. Lambulani udzu wa m'mbali, ana asakodzere kapena kuchita chimbudzi pafupi ndi madzi, ndipo osamba ndi ochapa azitunga pachitsime cha kumunsi kwa khoma.

Nsomba zingatheke. Makumba ndi chilunguni zimafika podyeka m'miyezi ngati isanu ndi umodzi zikamadya bwino. Ikani mbewu ya nsomba mu Januwale damu litangodzaza, muziwonjezera madeya, ndipo potayira madzi muike sefa ya waya ya maso otakata imene muziichotsa zinyalala mvula iliyonse ikagwa, kuti isasanduke chotseka. Mukolole mu Julayi kapena Ogasiti madzi asanachepe n'kutentha. Musanagule mbewuyo mukhale pansi ndi a madimba ndi a ng'ombe mugwirizane mzere wa pamtengo woyezera umene madzi akafikapo pampu iziima.